Mpweya wa NyaHarawa

A Greenwell Kayira anabwera ku Lilongwe akadali mnyamata, kuchokera ku Bolero m'boma la Rumphi, ndipo zaka zawo zonse za ntchito zinathera pa tebulo limodzi lalitali ku Capital Hill, kujambula mapu a malo. Anali munthu wowonda, wosalankhulalankhula, wovala tayi ngakhale Loweruka. Anzawo kuofesi ankawaseka kuti ndi amantha, ndipo iwo sankatsutsa. Kabaza sankakwera, nyama ya pachiwaya sankadya, ndipo babu likapsa kunyumba ankayamba azimitsa magetsi a nyumba yonse. Akatero, akazi awo a Sophia, amene iwo ankawatchula kuti NyaHarawa monga amachitira kwawo, ndiwo ankakwera pampando kukasintha babulo, a Kayira atagwirira miyendo ya mpando.

Atapuma ntchito anakakhala ku Area 3, m'kanyumba kakale ka malata ofiira kamene kanali kuseri mumpanda wa a Jitendra. A Jitendra anali mmwenye wa sitolo ya zipangizo zomangira ku Old Town, wobadwira konkuno, ndipo Chichewa chawo chinali chowongoka kuposa cha a Kayira, chimene chinkakhotera ku Chitumbuka akakwiya kapena akamapemphera. Amuna awiriwa sankachezerana kwambiri. Ankapatsana moni m'mawa, kudandaulirana za mitengo ya mango yosabereka, basi.

NyaHarawa anali mphunzitsi wa ku pulayimale, mayi wa mawu aakulu amene ankamveka kuchokera pageti. Matenda a Covid atawagwira anagonekedwa m'chipatala nthawi yaitali, ndipo anatulukamo ali amoyo koma mapapo atawonongeka. Anabwera kunyumba ndi makina a mpweya, chinthu chofanana ndi kafiliji kakang'ono, chimene chinkatumiza mpweya m'mphuno mwawo kudzera m'kapaipi kopyapyala. Popanda makinawo ankatha kukhala kanthawi pang'ono, kenako milomo inkayamba kutuwa, mapewa n'kumakwera ndi kutsika. Makinawo ankafuna magetsi, ndipo magetsi akazima ankalira mokuwa ngati kamwana.

Chaka chotsatira magetsi anayamba kuzimazima mzinda wonse. A Kayira analeka kupita kutali. Kutchalitchi ankakhala pa benchi ya kumbuyo, pafupi ndi khomo, maso ali pa babu. Ku msika ankagula mothamanga osanenerera. Akamva foni ya munthu ikulira mu minibasi mtima wawo unkadumpha, poganiza kuti ndi makina aja. M'nyumba munali kasilinda kakang'ono ka mpweya kosungira tsiku loipa, ndipo ankakayang'ana muvi wake kambirimbiri, ngakhale palibe amene wakatsegula.

Masana ena magetsi atazima, a Jitendra anamva kulira kwa makinawo ndipo anapeza a Kayira akuzungulira pabwalo, chingwe cha makina chili m'manja, osadziwa kopita nacho. A Jitendra anakatenga makiyi n'kutsegula galimoto yoyera imene inkangokhala pafupi ndi galaja, matayala atayamba kuphwa.

Inali minibasi yochotsa mipando. M'kati munali bedi, kasinki, timakabati, ndi mawindo a makatani. Padenga panali panelo limodzi la sola, pansi pa bedi panali batire, ndipo pambali pake panali inveta, kabokosi kosandutsa moto wa batire kukhala ngati wa m'nyumba. A Jitendra anaigula kwa apaulendo ena amene anatopera ulendo wawo ku Lilongwe. Ankafuna kuti azikayenda nayo ndi akazi awo a Jasuben, koma a Jasuben anadwala n'kumwalira galimotoyo isanatuluke pageti. Tsiku limenelo NyaHarawa anagona pa bedi la a Jasuben, makina akung'ung'udza bwinobwino, ndipo kuyambira pamenepo magetsi akazima a Kayira ankawagwira dzanja n'kuwoloka nawo bwalo pang'onopang'ono.

Koma panelo limodzi silinkakwanira. Makinawo anali akudya moto wambiri, ndipo batire linkafooka magetsi asanayake. Nyengo yozizira itafika, kumwamba kukachita mitambo, batire silinkadzadza n'komwe. Inveta nayo inali ndi kulira kwake ikamafuna kuzima, kulira kodukizadukiza, ndipo a Kayira ankakhala pa sitepe ya galimoto akumvetsera, manja atawapana ndi mawondo.

M'nyengo imeneyi mwana wawo mmodzi yekhayo, Chigomezgo, amene ankaphunzitsa kwawo ku Bolero, anabereka mwana wamkazi pochita kumung'amba, ndipo sakanatha kuyenda ulendo wautali. NyaHarawa anaona zithunzi pa foni, nazionanso, kenako anauza amuna awo kuti akufuna akamunyamule mwanayo ndi manja awo. A Kayira anakana. Anatchula kutalika kwa msewu, kusowa kwa mafuta, fumbi la ku Bolero, chipatala chakutali. NyaHarawa sanabwerezenso, koma anasiya kumaliza chakudya.

A Jitendra ndiwo anabweretsa maganizo owonjezera mapanelo padenga ndi kugula batire lalikulu, kuti galimoto izitha kusunga makinawo tsiku lonse, kaya ili pabwalo kaya ili pamsewu. A Kayira anayamba kutchula zoopsa zina: mapanelo angadzauluke ndi mphepo n'kupweteka munthu, mawaya angadzayake moto mayi ali m'kati, akuba angadzawalondole. A Jitendra anamvetsera zonsezo atatsamira chitseko cha galimoto.

"A Kayira," iwo anatero, "ine ndinkadikira kuti a Jasuben ayambe achira ndiye tinyamuke. Galimoto ndi iyi mukuionayi."

Ntchitoyo anaipereka kwa Hamdani, bambo wa ku Area 1 amene ankakonza magetsi a galimoto komanso kuika masola m'makomo. Anagula mapanelo awiri aakulu mumsewu wa Malangalanga, ndipo Hamdani anawotcherera zitsulo zoti akhalepo. Batire lalikulu linali lisanafike, koma anagwirizana kuti ayambiretu. Lachisanu m'mawa Hamdani anachotsa mawaya onse akale, nasuntha panelo lakale, namanga atsopanowo ndi mabawuti. Anaika kabokosi katsopano kowongolera moto wolowa m'batire, nalowetsa mawaya awiri akuda pa kabowo ka padenga. Dzuwa la mwezi wa Seputembala linali litakwera pamutu pamene anatsika, napukuta manja, nati apite kaye ku mzikiti, adzamalizitsa akabwerako. Dera lawo linali litazimitsidwa kale dzulo lake, choncho palibe amene ankayembekeza kuti lingazimenso. Ponyamuka anachenjeza a Kayira kuti asakhudze mawaya olendewerawo, chifukwa panelo likakhala padzuwa limaluma ngakhale lisanalumikizidwe kulikonse. A Kayira anayankha kuti sangayandikeko ngakhale atawakankha.

Njinga yamoto ya Hamdani isanapite kutali, makina analira m'nyumba.

A Kayira anathamangira kuchipinda. Anayesa switchi ya pakhoma, anayesa ina, kulibe. Anatsegula kasilinda n'kusinthira kapaipi, ndipo apo m'pamene anakumbukira kuti dzulo anakagwiritsa ntchito batire litafooka, ndipo kumene amadzadzitsa mpweya anawauza kuti abwere Lolemba. Muvi unali utatsamira kale ku mbali yofiira.

Anaimbira Hamdani, foni inali yozima. Anaimbira wa takisi amene ankawanyamula kupita kuchipatala, ndipo anati ali pakati pa mzere wa mafuta, kutsogolo galimoto, kumbuyo galimoto, sangatuluke. Anathamangira kwa a Jitendra, amene anali atangobwera kudzadya. Jenereta yawo inali youma kwa sabata yathunthu, ndipo galimoto yawo yaing'ono inali ku mzere womwewo ndi mwana wawo Rohan. Minibasi ija nayo inalibe dontho m'thanki. Anaimbiranso anthu ena awiri a kutchalitchi: wina anali ku Kanengo, wina sanayankhe.

Anaima pakhomo la minibasi n'kuyang'ana m'kati. Matiresi anali atachotsedwa, batire lili poyera lopanda waya ndi umodzi womwe, zida za Hamdani zili mbwee pansi. A Jitendra anati alumikize inveta ku batire basi, koma a Kayira ankadziwa kuti batirelo linagona lofooka, ndipo m'mawa wonse silinalandire moto. Popanda mapanelo silikanatha kudzutsa makina.

A Jitendra anali munthu wogulitsa zinthu zoterezi osati wozimanga, koma ndondomeko yake ankaidziwa. Anafotokoza kuti poyamba mapanelo afunditsidwe kuti asatulutse moto, kenako alumikize mapulagi a padenga, kenako batire ku kabokosi, ndipo mawaya a mapanelo akhale omaliza. Iwo sakanatha kuchita. Shuga anali atawawonongera maso, bondo lawo silinkapinda, ndipo manja ankanjenjemera ngakhale pogwira kapu. Anayang'ana makwerero, nayang'ana a Kayira.

A Kayira anakayalula mabulangete pa bedi lawo. NyaHarawa anali atakhala tsonga, kasilinda atakakumbatira, ndipo anapempha kuti awatulutsire pakhonde. Anawakhazika pampando wansungwi moyang'anana ndi galimoto.

Makwerero anali a chitsulo, otentha, ndipo mwendo umodzi unkagwedera pa miyala. A Jitendra anawagwira ndi thupi lonse. A Kayira anakwera atakoleka mabulangete paphewa, akuyang'ana utoto wa galimoto pafupi ndi mphuno yawo kuti asaone pansi. Atafika pamwamba anapeza kuti palibe poponda. Denga lonse linali galasi lakuda lonyezimira, kupatula kampata kakang'ono m'mphepete. Anagwada pamenepo, malata akuwaotcha kudzera m'thalauzi. Anayala bulangete loyamba, mphepo inalikweza n'kuligwetsera pansi. A Jitendra analitola n'kuwaponyera, ndipo polilandira a Kayira anapendekeka, bondo limodzi linaterereka, ndipo anagwira chitsulo cha Hamdani ndi dzanja limodzi, mpanda ndi mitengo zikuzungulira m'maso. Anakhala choncho kanthawi osatha kusuntha.

Anavula nsapato n'kupsinja nazo ngodya za bulangete. Bulangete lachiwiri analipsinja ndi sipanala ndi foni yawo. Mapulagi anali anayi, ndipo mwamwayi iliyonse inkalowa mwa inzake imodzi yokha. Zala zawo zinali zonyowa ndi thukuta, ndipo nthawi iliyonse pulagi ikati khethe ankatsinzina kudikira kulumidwa.

Anatsika ndi masokosi okha n'kulowa m'galimoto. Munali motentha ngati mu uvuni. Anagwada pa batire, a Jitendra atasuzumira pakhomo n'kumawauza kuti waya wofiira upite pa mutu wa batire wokhala ndi chizindikiro cha mtanda, wakuda pa winawo. Wofiira unalowa bwino. Akumanga wakudawo ndi sipanala ina ya Hamdani, sipanalayo inapulumuka n'kugwera pamwamba pa batire, kukhudza mitu yonse iwiri.

Kunang'anima moto woyera ndi phokoso ngati la chikwapu. A Kayira anagwa chagada n'kumenyetsa mutu ku kabati. Sipanala inali itakakamira pamenepo ikuthetheka, ndipo a Jitendra anatola mpini wa tsache n'kuimenya mpaka inagwera uko. M'galimoto munadzaza fungo la chitsulo chopsa. Zala ziwiri za a Kayira zinali zitayera kunsonga, koma ululu unali usanafike.

Anakwawa n'kutuluka, nakhala pansi pa fumbi. Anauza a Jitendra kuti sangathe, kuti awotcha galimoto, kuti ndi bwino awabereke mayi kumsana athamangire nawo kumsewu mwina wina angaime. Anatembenukira kukhonde. NyaHarawa anali ataweramira kutsogolo, zigongono pa mawondo, milomo yotuwa, ndipo maso awo anali pa amuna awo. Mawu awo anatuluka odukaduka, mpweya umodzi liwu limodzi.

"A Kayira. Musayang'ane ine. Yang'anani waya."

Anabwerera m'galimoto. Anakulunga sipanala ndi mpango wa m'thumba kusiya kukamwa kokha, namanga mutu wachiwiri uja. Kabokosi kanayaka tinambala tobiriwira. Analumikiza inveta osaiyatsa. Kunatsala mawaya awiri akuda ochokera padenga, ndipo umodzi unali ndi katepi kofiira. A Jitendra anati wa tepiwo uyenera kukhala wa mtanda. A Kayira anafunsa ngati akutsimikiza, ndipo a Jitendra anayankha kuti sakutsimikiza, koma munthu sangaike tepi yofiira pa waya winawo. Anafunsanso chimene chingachitike akasemphanitsa. A Jitendra anati sakudziwa.

A Kayira anapemphera m'Chitumbuka mawu ochepa, nalowetsa mawayawo, namanga timanati take ndi zala zimene tsopano zinali zitayamba kuwawa. Anakweranso makwerero, ulendo uno osaganiza, nakoka mabulangete n'kuwaponya pansi pamodzi ndi nsapato. Ali pamwambapo anadikira kumva kuphulika kapena kuona utsi. A Jitendra anali ataika nkhope pafupi ndi kabokosi, ndipo anakuwa kuti tinambala tikusintha koma sakutha kutiwerenga.

Tinambalato tinali tikukwera. A Kayira atatsika anayatsa inveta, ndipo inalira modukizadukiza n'kuzima. Batire linali lisanadzuke. Panalibenso china choti achite ndi manja awo, ndipo nthawi imeneyi ndi imene inawapweteka koposa zonse. Anakabweretsa makina n'kuwaika pafupi ndi khomo la galimoto. Anawanyamula NyaHarawa ndi mpando womwe, iwo mbali ina a Jitendra mbali ina, n'kuwakhazika pamthunzi wa galimoto. Anaika khutu pa kasilinda: kanali kakupuma mofooka, kenako sanamvenso kanthu. NyaHarawa anatsinzina, mutu unagwera pachifuwa, ndipo a Kayira anawagwira chibwano n'kumawaitana dzina lawo la ubatizo, limene anali asanalitchule zaka zambiri. Anayang'ana kumwamba kuopa mtambo. Kunali mbee, utsi wa moto wa m'tchire wokha uli kutali. Anayesanso inveta, inalira. Anadikiranso. Atayesa kachitatu sinalire. Analowetsa pulagi ya makina, ndipo makinawo anatsokomola, nayamba kung'ung'udza.

Panatenga nthawi kuti milomo ya NyaHarawa ibwerere mtundu wake. Atatsegula maso anapempha madzi, kenako anafunsa chifukwa chimene amuna awo akuyendera ndi masokosi pafumbi.

Hamdani atabwera anaima pageti osazimitsa njinga. Atamva zimene zinachitika analowa m'galimoto n'kuyamba kugwiragwira mawaya. Umodzi unali utatentha mpaka pulasitiki yake kufewa, chifukwa nati yake sinalimbe, ndipo fyuzi imene ankayenera kuika inali idakali m'thumba la malaya ake. Anafunditsanso mapanelo kanthawi kochepa, nakonza zonsezo mofulumira, napepesa mobwerezabwereza kwa mayi. Palibe amene anamuimba mlandu. A Kayira ataona waya wofewawo anapita kuseri kwa galaja n'kukasanza.

Anthu a kutchalitchi atamva nkhaniyi ankawauza kuti tsopano alimba mtima, koma sizinali choncho. Mantha awo anangowonjezeka, chifukwa tsopano ankadziwa zinthu zambiri zimene zingalakwike. Komabe batire lalikulu litafika, ndipo Rohan atawasonkhanitsira mafuta m'zigubu, anavomera ulendo. A Jitendra anapita nawo, atakhala kutsogolo ndi chibokosi cha zakudya zawo, ndipo kanali koyamba kupitirira Kasungu m'moyo wawo. A Kayira ankayendetsa pang'onopang'ono mpaka malole ankawaimbira hutala. Ankaima pafupipafupi kukagwedeza mabawuti. Pa Chikangawa analowa mu nkhungu, dzuwa linasowa, ndipo anayendetsa atakukuta mano, akufunsa a Jitendra mobwereza ngati akumva kulira kulikonse kumbuyo. NyaHarawa anali atakankha katani n'kumayang'ana mitengo ya paini.

Ku Bolero anaimika galimoto pamtetete pafupi ndi nyumba ya Chigomezgo. Mwanayo anamutcha Chipulikano. Atamuika pamiyendo ya agogo ake, kadzanja kake kanagwira kapaipi ka mpweya n'kukakoka, a Kayira anadumpha pampando, ndipo NyaHarawa anaseka mpaka kutsokomola. A Jitendra anabwerera pa basi patapita masiku angapo. NyaHarawa anakana kubwerera ku Lilongwe. Anakhala kwawo dzinja lonse, akuona mdzukulu akuyamba kukhala tsonga, ndipo anamwalira m'nyengo yokolola, ali mtulo, makina akugwira ntchito bwinobwino.

A Kayira anabweza galimoto ku Area 3, koma a Jitendra anakana kulandira makiyi. Patapita miyezi, mayi wina wa kutchalitchi kwawo anabwera kudzafunsa ngati makina aja alipobe, chifukwa amuna ake anali atatuluka m'chipatala ndi vuto lomwelo, ndipo nyumba yawo ya ku Falls inalibe chilichonse chosungira moto. A Kayira anapereka makinawo, nati magetsi akadzazima adzaimbe foni.

Masiku ano akaimbiridwa amatulutsa galimoto n'kukaiimika pageti la anthuwo, pamalo popanda mthunzi. Amalowetsa chingwe pawindo, n'kuonetsetsa kuti tinambala tili bwino. M'nyumbamo salowa. Amati sakonda kuona nkhope ya wodwala. Amakhala pampando panja, tayi ili m'khosi, ndipo ana a m'nyumbamo amawabweretsera tiyi.